Kugona pa loji yaing'ono yokongola ku Harare: zofunsa musanalipire, zochita mukafika

Kumpoto ndi kum'mawa kwa mzinda wa Harare kuli nyumba zakale zazikulu za m'mayadi zimene eni ake anazikonzanso n'kuzisandutsa malo ogona alendo. Zipinda zimakhala zochepa, pena 5, pena 12, ndipo chilichonse chimakongoletsedwa mwa mtundu wakewake. Panja pamakhala kapinga, mitengo ya jakaranda ndi msasa, ziboliboli za miyala zosemedwa ndi amisiri a dzikolo, ndi khonde lodyerapo kadzutsa. Kwa munthu wochokera ku Blantyre, Lilongwe, Chipata kapena Tete amene akufuna masiku atatu opumula, kapena kwa wokhala ku Harare komweko amene akufuna kulandira apongozi mwaulemu, malo oterewa amaposa hotela yaikulu ya pakati pa tauni. Phokoso kulibe, ndipo antchito amakudziwani dzina tsiku loyamba lomwe.

Koma zithunzi za pa intaneti zimangoonetsa bedi, maluwa ndi dziwe losambiramo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku Harare chimene chimasiyanitsa loji yabwino ndi yoipa ndi magetsi, madzi ndi dera limene lojiyo ili, ndipo zitatu zonsezi muyenera kuzidziwa ndalama isanachoke m'thumba.

Sankhani dera musanasankhe bedi

Harare ndi mzinda wotambalala, ndipo loji yotsika mtengo imene ili kutali ndi kumene mukufuna kupita imabweza mtengowo pa takisi. Ngati mulibe galimoto, yang'anani ku Avondale, Belgravia, Milton Park kapena Alexandra Park. Madera amenewa ali pafupi ndi pakati pa tauni, ndipo ku Avondale mutha kuyenda wapansi masana kukagula zinthu, kukadya kapena kukaona msika wa zosemasema. Mount Pleasant ndi yoyenera amene abwerera za ku University of Zimbabwe. Borrowdale ili ndi malo odyera ambiri pafupi ndi Sam Levy's Village, koma mitengo ya zipinda ndi yokwera ndipo msewu wopita m'tauni umadzaza m'mawa ndi madzulo. Glen Lorne ndi kokongola, kwa mapiri ndi mitengo, koma popanda galimoto yanu mudzakhala ngati mwatsekeredwa.

Ganizirani za kumene mukulowera. Msewu wochokera ku Nyamapanda, umene amadzera ochokera ku Malawi kudutsa ku Mwanza ndi ku Tete, umalowa mumzinda kudzera ku Chisipite, Highlands ndi Newlands, choncho loji ya m'madera amenewa mumaipeza musanalowe m'chipwirikiti cha m'tauni. Wochokera ku Lusaka kudzera pa Chirundu amalowera msewu wa Lomagundi, ndipo Marlborough, Emerald Hill ndi Avondale ndizo zili m'njira yake. Bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe lili kumwera, makilomita pafupifupi 15 kuchokera pakati pa tauni. Ngati ndege yanu yobwerera inyamuka m'bandakucha, Greendale, Eastlea kapena Hillside ndi kwabwino kuposa Borrowdale.

Misewu ingapo ikuluikulu inasinthidwa maina koma anthu akugwiritsabe ntchito akale. Enterprise Road pa mapu ena ndi ED Mnangagwa Road, Borrowdale Road ndi Liberation Legacy Way, Second Street ndi Sam Nujoma Street. Ndiye musadalire adiresi yolembedwa yokha. Pemphani eni loji akutumizireni malo awo enieni a pa mapu kudzera pa WhatsApp, komanso chithunzi cha geti, chifukwa maloji ambiri saika chikwangwani chachikulu pamsewu.

Magetsi

Magetsi a ZESA, kampani ya boma yogawa magetsi m'dzikolo, amachokera makamaka ku damu la Kariba ndi ku malasha a ku Hwange. Madzi akachepa ku Kariba, monga zinachitikira mu 2019, kumapeto kwa 2022 ndi mu 2024, madera ena amatha maola mpaka 18 pa tsiku mu mdima, magetsi n'kumabwera pakati pa usiku anthu atagona. Chifukwa cha ichi pafupifupi loji iliyonse imalemba kuti ili ndi sola kapena jenereta. Mawu amenewo paokha sakukuuzani kanthu. Chofunika kudziwa ndi chakuti solayo imayendetsa chiyani.

Sola ya panyumba imakhala ndi mapanelo padenga, mabatire ndi inveta, imene ndi makina osandutsa mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi a m'nyumba. Inveta zofala ndi za 3 kVA ndi 5 kVA. Mababu, firiji, wailesi yakanema ndi Wi-Fi sizidya mphamvu yambiri, ndipo inveta yaing'ono imazikwanitsa. Zotenthetsa ndizo zimaigwetsa. Ketulo imafuna mawati pafupifupi 2,000, simbi ndi choumitsira tsitsi sizisiyana kwambiri ndi pamenepo, ndipo giza ya magetsi, yotenthetsera madzi osamba, imafuna mawati 2,000 mpaka 3,000. Alendo awiri akayatsa maketulo pamodzi pa inveta ya 3 kVA, nyumba yonse imazima. Batire la 5 kWh litalumikizidwa ku giza ya mawati 3,000 silingakwanitse maola awiri. N'chifukwa chake eni maloji amachotsa magiza ndi masoketi ena pa mzere wa sola, ndipo mlendo amadabwa kuti babu likuyaka koma soketi ya pambali pa bedi yafa.

Mafunso oti mutumize, m'Chingerezi kapena m'Chishona, ndi awa. ZESA ikazima, masoketi a m'chipinda amagwira onse kapena ena okha? Mabatire amafika m'mawa, kapena amatha usiku? Wi-Fi ili pa inveta? Madzi otentha amatenthedwa ndi chiyani? Jenereta ilipo, imayatsidwa nthawi yanji, ndipo ili pafupi ndi chipinda chiti? Funso lomalizali musalichepetse. Chipinda chokongola kwambiri cha kuseri kwa nyumba kawirikawiri ndicho chimayandikana ndi kanyumba ka jenereta.

Mwini loji amene amasamala alendo ake amayankha ndi manambala, amvekere inveta ndi ya kukula kwakuti, mabatire ndi angapo, jenereta timazimitsa 10 koloko usiku. Amene angoyankha kuti musadandaule, zonse zili bwino, m'funseninso kachiwiri. Akazembanso, yang'anani kwina.

Ngati mumagwiritsa ntchito makina othandiza kupuma usiku, kapena muli ndi mankhwala ofuna firiji monga insulini, nenani pobukitsa ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Pulagi ya ku Malawi ya mano atatu amakona imalowa m'masoketi ambiri a ku Harare, mphamvu yakenso ndi yofanana, koma nyumba zina zili ndi masoketi a mabowo ozungulira, choncho adaputa imodzi m'chikwama siilemera. Tengani pawabanki yodzaza ndi tochi yaing'ono.

Madzi

Madzi a khonsolo ya mzinda amachokera ku nyanja ya Chivero, koma m'madera ambiri a kumpoto satuluka m'mipope masiku ambiri, ndipo kwina padutsa zaka asanatuluke. Maloji amadalira borehole yawo. Pampu imakoka madzi pansi n'kuwathira m'thanki, kawirikawiri ya malita 5,000, kenaka pampu ina yaing'ono imawakankhira ku mabafa. Mapampu onse awiriwa amafuna magetsi. Thanki itha kukhala yodzaza koma shawa n'kumangodontha chifukwa pampu yokankha siili pa sola. Funsani zimenezi mwachindunji. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa mu Novembala, maborehole ena amaphwa, ndipo loji imagula madzi a pa lole. Loji yokonzeka imakhala ndi mathanki angapo.

Za madzi otentha zili pa mitundu itatu. Giza ya gasi ndiyo yodalirika kwambiri, imatenthetsa nthawi yomweyo bola madzi akhale ndi mphamvu yokwanira, apo ayi siyaka. Giza ya sola imapereka madzi otentha bwino madzulo, koma m'mawa wa mu Julayi kapena tsiku la mitambo amakhala ofunda chabe, makamaka ngati zipinda ziwiri zikugawana giza imodzi. Mukapeza yoteroyo, sambani madzulo. Giza ya magetsi a ZESA okha imatentha usiku magetsi akabwera, ndiye wosamba m'mawa kwambiri ndi amene amapindula.

Madzi akumwa funsani ngati ndi osefedwa. Harare inavutikapo ndi kolera mu 2008, 2018 ndi 2023, makamaka m'makomboni okhala anthu ambiri, ndipo si borehole iliyonse imene madzi ake anayezedwa. Mukakayika imwani a m'botolo lotseka, ndipo ana muwatsukire mano ndi omwewo.

Kubukitsa ndi kulipira

Pezani lojiyo pa masamba obukitsira malo ogona, werengani ndemanga za miyezi yaposachedwa, makamaka zodandaula. Ndemanga ya zaka zitatu zapitazo ilibe ntchito, chifukwa mabatire amakalamba ndipo oyang'anira amasintha. Kenaka lankhulani ndi eni ake pa nambala yolembedwa pa tsamba lawo lenileni. Pali akuba amene amatenga zithunzi za maloji enieni n'kuziika pa Facebook ndi nambala yawo, kulandira dipoziti, basi osapezekanso. Musanatumize kalikonse, pemphani kuti akuimbireni pa vidiyo akuonetseni chipindacho, bafa ndi geti. Malo ogona alendo ovomerezeka amalembetsedwa ku Zimbabwe Tourism Authority, ndipo kufunsa za chiphasocho si mwano.

Uthenga wotsimikiza ukhale ndi tsiku lofika ndi lochoka, dzina kapena nambala ya chipinda chimene mwasankha, mtengo wa usiku umodzi, ngati mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati kadzutsa ali momwemo, ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo wa 2 peresenti zawerengedwa kale, ndi lamulo lawo mukasintha ulendo. Dzina la chipinda ndi lofunika pa loji yotere kusiyana ndi ku hotela, poti zipinda sizifanana. China chili ndi khonde lake ndi bafa lalikulu, china chinali mosungira katundu.

Funsaninso ngati pa masiku anuwo pali ukwati kapena phwando. Maloji ambiri okhala ndi kapinga wabwino amabwereketsa bwalo Loweruka, ndipo zoimbira zimalira mpaka usiku pawindo panu. Malo amadzaza msanga pa Isitala, pa tchuthi cha Heroes mu Ogasiti, pa sabata ya chionetsero cha zaulimi kumapeto kwa mwezi womwewo, ndi pa Khirisimasi.

Ndalama imene imayenda kwambiri ndi dola ya ku America. Ndalama ya dzikolo, ZiG, inayamba mu Epulo 2024 ndipo imagwira ntchito, koma mitengo ya maloji imatchulidwa m'madola. Kwacha simungaisinthe mosavuta kumeneko, choncho madola muwapeze musananyamuke, ku banki kapena ku malo osinthira ndalama ovomerezeka, ndipo lisiti lake muyende nalo poti pa boda atha kulifunsa. Ngati mwanyamula zambiri, zilembetseni kwa a ZIMRA, a misonkho ndi kasitomu a dzikolo, polowa kuti zotsala zisakuvuteni potuluka. Vuto lalikulu la tsiku ndi tsiku ndi chenje. Ndalama zachitsulo za ku America siziyenda, ndipo wa takisi mukam'patsa 20 dola pa ulendo wa 6 dola mukangana. Ya chipinda mutha kulipira ndi ma 50 ndi ma 100, koma ya m'thumba ikhale ma 1, ma 5 ndi ma 10 ambiri, osang'ambika. Khadi la Visa kapena Mastercard limagwira m'maloji ena, koma makina amafuna netiweki, ndipo banki yanu ya kumudzi itha kukhala ndi malire pa ndalama zogwiritsa ntchito kunja. Kafunseni musanapite. Osintha ndalama a m'misewu apeweni, n'zoletsedwa ndipo apolisi amagwira.

Kufika

Mzika za Malawi ndi Zambia sizifuna viza polowa mu Zimbabwe kukacheza, koma pasipoti ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe. Pa fomu yolowera amafunsa kumene mukagone, ndiye dzina ndi adiresi ya loji zikhale papepala, osati mu foni yokha imene itha kuzima panjira. Onani masiku amene akudindirani musanachoke pa windo.

Kuchokera ku Blantyre kufika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 600, koma ndi maboda a ku Mwanza ndi ku Nyamapanda, nthawi yofikira palibe angailonjeze. Mabasi ochokera kunja amaima pa Roadport. Apa ndi pamene ambiri amavutikira, chifukwa loji yaing'ono ilibe wolandira alendo usiku wonse. Ikakwana 8 kapena 9 koloko amatsala ndi mlonda yekha, ndipo ngati sanauzidwe za inu sangatsegule geti. Uzani eni loji kuti mukubwera pa basi, tumizani uthenga mukadutsa Nyamapanda, tengani nambala ya amene adzakhale ndi kiyi usikuwo, ndipo pemphani akutumizireni dalaivala amene amamudziwa. Mtengo wake mugwirizane pasadakhale. Masana inDrive, pulogalamu ya pa foni yoitanira takisi, imagwira bwino ntchito mumzindamu. Makombi (maminibasi) ndi mushikashika (timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo) si za munthu wa masutikesi amene sakudziwa njira.

Wobwera pa galimoto yake afunse ngati poimika pali m'kati mwa mpanda. Pamsewu apolisi amafuna matirayango awiri, chozimira moto, ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo. Yesetsani kufika kusanade, poti magetsi a m'misewu yambiri sayaka ndipo maenje ndi ambiri.

Mukalowa m'chipinda musamasule katundu kaye. Tsegulani shawa mpaka madzi otentha atuluke, gwetsani madzi m'chimbudzi, yesani soketi iliyonse ndi chaja, lumikizani Wi-Fi muli m'chipindamo osati pa khonde, yesani loko wa chitseko ndi mawindo. Zimenezi n'za mphindi 10. Chovuta chikapezeka masana oyang'anira alipo, amakonza kapena kukusinthirani chipinda, pamene usiku mlonda sangachite kanthu. Funsani kuti ndi masoketi ati oletsedwa kulumikiza simbi, kuti agalu amamasulidwa nthawi yanji, ndi kuti mukabwera usiku geti mutsegula bwanji. Waya wa pamwamba pa mpanda ndi wa magetsi, ana achenjezedwe.

SIM khadi ya Econet kapena NetOne imagulidwa ndi pasipoti ku shopu yawo. Kwa masiku atatu ndi yothandiza kuitanira galimoto mukakhala kunja kwa loji.

Kuzizira ndi kutentha

Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julayi masana kumawala dzuwa koma usiku kumazizira ngati ku Dedza, ndipo nyumba zakalezi, za matailosi pansi ndi madenga aatali, sizisunga kutentha. Hita ya magetsi siigwira pa sola. Funsani za mabulangete owonjezera, botolo la madzi otentha la m'bedi, kapena malo osonkhapo moto. Mukapatsidwa hita ya gasi musagone nayo yoyaka mawindo ali otseka, mpweya wake umapha mwakachetechete. Dziwe losambiramo miyezi imeneyi ndi loonera ndi maso basi.

Kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala ndi pamene jakaranda amachita maluwa, misewu ya ku Avenues ndi ku Milton Park n'kukhala yofiirira mbali zonse. Ndi nthawi yokongola kwambiri kuona mzindawu, komanso ndiyo yotentha ndi yosowa madzi, choncho funsani ngati fani ili pa inveta. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndi ziphaliwali zamphamvu masana. Malungo ku Harare si ofala ngati kunyanja kapena kuchigwa cha Shire, koma udzudzu ulipo, ndipo amene wadzera ku Tete akatentha thupi akayezetse msanga.

Chakudya ndi achibale

Kadzutsa m'maloji awa amakhala wa mazira, soseji, buledi, zipatso ndi tiyi, ndipo ali ndi nthawi yake, kawirikawiri kuyambira 7 mpaka 9 koloko. Chakudya chamadzulo ndi nkhani ina. Ambiri alibe lesitilanti, amaphika pokhapokha mwaitanitsa masana, chifukwa wophika amakagula ndiwo malinga ndi chiwerengero cha odya. Mukafuna sadza, imene ndi nsima yomweyi, ndi nkhuku yachikuda, nsomba ya ku Kariba kapena masamba otendera, nenani m'mawa. Ophika ambiri amakondwa kuphika zimenezi ngakhale sizinalembedwe pa menyu.

Ambiri a ife tili ndi abale ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara kapena Epworth, ana ndi adzukulu a makolo amene anapita kukagwira ntchito kalekale. Akamva kuti mwabwera adzabwera kudzakuonani, ndipo sabwera mmodzi. Loji yaing'ono ili ndi malamulo pa alendo a mlendo. Ena amalola kucheza pa khonde mpaka nthawi yakuti, ena salola munthu wosalembetsa kulowa m'chipinda, ndipo wogona amalipiridwa payekha. Kambiranani ndi oyang'anira tsiku lofika, auzeni kuti Lamulungu masana kubwera azakhali ndi ana awo anthu 6, tikonzereni tiyi, tilipira. Zikatero mlonda amawalandira ndi ulemu pa geti. Kuwabweretsa mosauza kumachititsa manyazi munthu wamkulu amene wakwera makombi awiri kuti akuoneni. Ndipo musalole kuti lojiyo ikhale chifukwa chosapitira kwawo. Patulani tsiku limodzi mukadye kumeneko, mutanyamula shuga, mafuta ophikira ndi kachitenje kochokera kumudzi.

Pakati pa antchito a m'maloji, ophika, osamala maluwa ndi alonda, mupezamo a Phiri ndi a Banda amene Chichewa anachiphunzira kwa agogo awo. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dzikolo a 2013. Perekani moni kwa aliyense musanapemphe kanthu, akulu muwatchule baba kapena amai, ndipo za kwawo muwasiye ayambe okha kukamba.

Koyenda

Masiku awiri kapena atatu musawadzaze. National Gallery of Zimbabwe, imene inatsegulidwa mu 1957, ili pambali pa Harare Gardens ndipo m'mawa umodzi umakwana. National Botanic Garden ili ku Alexandra Park. Ku Mukuvisi Woodlands ana amaona mbidzi ndi akadyamsonga osatuluka mumzinda. Ziboliboli za miyala kaoneni ku Chapungu, ku Msasa. Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kumpoto, ndi phiri la mwala lokhala ndi zojambula zakale m'phanga, lokoma kukwera dzuwa litapendeka, koma nyamukani kubwerera kusanade. Ku msika waukulu wa Mbare Musika pitani m'mawa ndi munthu wodziwa malowo, foni ili m'thumba la kutsogolo. Pafupi ndi State House musaime kapena kujambula, mdipiti wa mtsogoleri wa dziko ukamadutsa patukani muime, ndipo zovala za mawanga a chisilikali zisiyeni kunyumba chifukwa n'zoletsedwa kwa anthu wamba.

Nthawi yotuluka m'chipinda imakhala 10 kapena 11 koloko m'mawa. Bilu ipempheni usiku wake, muiwerenge mzere ndi mzere: zakumwa za m'firiji, zochapitsa, chakudya cha alendo anu, ulendo wa dalaivala, ndi dipoziti ngati yachotsedwa. M'mawa wonyamuka makina a khadi atha kukana netiweki, basi kapena ndege osakudikirani. Kangachepe kothokoza antchito funsani ngati pali bokosi logawana onse. Ngati palibe, m'patseni m'manja wokonza m'chipinda, wophika ndi mlonda wa usiku aliyense payekha, ndipo ma 1 dola aja musunge ena a ntchito imeneyi. Ngati basi yanu ndi yamadzulo, pemphani kusiya katundu ku ofesi, koma pasipoti, ndalama ndi mankhwala muyende nazo.